Mmene Mungasankhire Njira ya Njinga mu Lusaka Poyang'ana Mphambano

Munthu woyenda pa njinga mu Lusaka akafunsidwa kumene adutse popita kutauni, kawirikawiri amatchula njira yachidule, chifukwa mtunda wonse umalipidwa ndi miyendo yake ndipo palibe amene amafuna kutopa pachabe. Koma ine, nditapalasa zaka zingapo kuchokera ku Kaunda Square kupita kuntchito pafupi ndi Cairo Road, ndinazindikira kuti zimene zimandichedwetsa, zimene zimanditopetsa, ngakhalenso ngozi imene inatsala pang'ono kunditenga, zonse zinachitikira pamphambano. Pamsewu wowongoka galimoto zimakupitirirani kumanja kwanu n'kumapita, koma pamphambano njira yanu ndi njira ya galimoto zimadulana, ndipo wovulala amakhala amene alibe chitsulo chomutchinga. Malangizo otsatirawa ndi okuthandizani kusankha njira powerenga mphambano zimene zili m'njiramo, mtundu wake, ndi mmene mudzafunikire kukhota pa iliyonse.

Yambani ndi kuziwerenga

Musanayambe kudutsa njira yatsopano m'masiku a ntchito, iyendeni Lamlungu m'mawa pamene misewu ili yopanda phokoso, ndipo mukabwerako mulembe papepala mphambano zonse zazikulu motsatana. Pa iliyonse mulembe ngati pali maloboti, raundabauti, mlatho wa m'mwamba, kapena palibe chilichonse chowongolera galimoto, kenako muonjezere ngati inuyo mumawongoka, mumakhotera kumanzere kapena kumanja. Popeza m'Zambia timayenda kumanzere kwa msewu, kukhotera kumanzere n'kosavuta, koma kukhotera kumanja kumafuna kuti mudule galimoto zochokera kumbuyo kwanu ndiponso zochokera kutsogolo, choncho njira imene ili ndi malo atatu okhotera kumanja pamisewu yaikulu ndi yolemera kuposa njira yotalikirapo imene ili ndi malo amodzi okha.

Muyeneranso kudziwa malo amene simungawapewe. Njanji ya sitima imadutsa kum'mawa kwa Cairo Road, ndipo anthu ochokera kum'mawa kwa mzinda akamalowa pakati pa tauni amaunjikana pamilatho yochepa, monga wa pa Great East Road pafupi ndi Kabwe Roundabout, wa pa Church Road ndi wa pa Independence Avenue. Sankhani mlatho poyamba, poganizira chimene chikukudikirani mukatsika mlathowo, ndipo mbali ina yonse ya ulendo muikonze molunjika kumeneko.

Maloboti ndi mmene amaganizira

Maloboti ambiri amasintha motsatira nthawi imene anaikiridwa, kaya pali galimoto kaya palibe, ndipo amenewa ndi abwino kwa wanjinga chifukwa amadziwika khalidwe lake. Mukadutsapo mlungu umodzi mukuwerenga chamumtima, mudzadziwa kutalika kwa nyali yofiira ndi yobiriwira, ndipo mudzayamba kuchepetsa liwiro mudakali kutali kuti mufike nyali ikusintha m'malo mofika mothamanga n'kuima. Zimenezi si zazing'ono kwa munthu wonyamula katundu, pakuti mphamvu yoyambitsa njinga imakula molingana ndi kulemera kwake, ndipo liwiro likawirikiza kawiri mphamvu yolifikira imawirikiza kanayi. Aliyense amene anaonapo bambo wogulitsa makala, kapena kuti malasha monga timanenera muno, ataima ndi matumba atatu pakaliyala, phazi limodzi lili pansi ndipo handulo ikunjenjemera m'manja, akudziwa chifukwa chake anthu amenewa amadana ndi kuima.

Vuto la maloboti otere ndi lakuti nthawi yake inawerengedwa poganizira liwiro la galimoto. Nyali yachikasu, ndi kanthawi kochepa kamene mbali zonse zimakhala zofiira, zimakwanira galimoto kutuluka pamphambano, koma sizikwanira njinga yolemedwa pamphambano yotakata ya mizere itatu kapena inayi. Choncho ngati mwapeza nyali yobiriwira ndipo simunaone pamene inayakira, musaidalire pamsewu wotakata, ndipo chikasu chikayaka musanafike pamzere woimira, imani. Kumizinda ina anaganizira zimenezi mosiyana: ku Copenhagen, likulu la dziko la Denmark, maloboti a m'misewu ina anawakonza kuti wanjinga woyenda makilomita 20 pa ola azipeza zobiriwira motsatana. Ife pano tiyenera kuphunzira nthawi ya maloboti athu ndi kuyenda mogwirizana nayo.

Palinso maloboti a mtundu wina amene amamva kuti pafika galimoto kudzera m'waya wokwiriridwa m'phula. Mumawazindikira poona mizere yochekedwa m'phula, yooneka ngati bokosi, pafupi ndi mzere woimira. Wayayo amamva chitsulo, ndipo njinga ikaima pakati pa bokosilo kapena pambali pake nthawi zina samaimva, moti mukhoza kudikira nthawi yaitali nyali osasintha. Mukakumana ndi zotere, imikani matayala anu pamwamba penipeni pa mzere wochekedwawo, ndipo zikakanikabe dikirani galimoto ifike kumbuyo kwanu, kapena tsikani mukawoloke ndi anthu oyenda pansi. Kudutsa pa nyali yofiira chifukwa chakuti mwatopa kudikira n'kulakwa, pakuti lamulo la pamsewu limagwira wanjinga monga limagwirira woyendetsa galimoto.

Chinthu chofunika kwambiri pa maloboti ndi malo amene mwaima. Anthu ambiri a njinga amadutsa m'kampata ka pakati pa galimoto ndi m'mphepete mwa msewu n'kukaima kumanzere kwa galimoto yoyamba, poganiza kuti kumeneko n'kobisika bwino. Kubisikako ndiye ngozi yake. Nyali ikasintha, galimoto imene ikukhotera kumanzere imadula kutsogolo kwanu, ndipo ngati ndi thiraki kapena basi yaikulu, dalaivala sakuonani ngakhale m'magalasi ake, komanso matayala akumbuyo amadutsa cham'kati kuposa akutsogolo, moti malo amene munaima akuoneka otakasuka amatsekeka mwadzidzidzi. Pa Lumumba Road, kumene mathiraki amachuluka, ndimatsatira lamulo limodzi lokha: ngati thiraki yafika kale pamphambano, ndimaima kumbuyo kwake, ndipo ngati ndafika ine poyamba, ndimaima patsogolo mokwanira kuti nditatembenuka ndione nkhope ya dalaivala. Ngati simukuona maso ake kapena galasi lake, muziyesa kuti nayenso sakukuonani. Ndipo musadalire indiketa, chifukwa ambiri amaiyatsa atayamba kale kukhota.

Mphambano zina zili ndi kanjira kapadera kokhotera kumanzere, kamene kamapatuka maloboti asanafike n'kusiya kachilumba ka simenti pakati. Kanjira kameneka anakapanga kuti galimoto zisamaime, ndipo n'chifukwa chake zimalowamo mothamanga. Ngati inu mukuwongoka, mudzafunika kudula pakamwa pa kanjirako, choncho yang'anani kumbuyo mudakali patali, tambasulani dzanja lamanja, ndipo sunthirani pang'ono m'kati mwa msewu kuti aliyense aone kuti simukukhota.

Nanga magetsi akazima? M'chaka cha 2024, chilala chitachepetsa madzi ku damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, tonse tinaona mmene mphambano imakhalira maloboti akafa kwa maola ambiri. Madalaivala amayenera kupatsana mpata, koma zimene zimachitika n'zakuti wolimba mtima ndi wa galimoto yaikulu ndiye amayamba. Ngati pali wapolisi wa pamsewu, tsatirani dzanja lake, ndipo muonetsetse kuti wakuonani. Ngati palibe, musadutse nokha: dikirani galimoto imene ikupita kumene mukupita, muyambe nayo limodzi muli chakumanzere ndi chakumbuyo kwake pang'ono kuti ikhale chotchinga chanu, mutatsimikiza kuti siikhota. Pachifukwa chimenechi, njira imene ubwino wake wonse uli pa maloboti iyenera kukhala ndi inzake yosungira masiku a mdima.

Kukhotera kumanja kawiri

Pamsewu wa mizere iwiri kapena itatu mbali imodzi, sindilangiza aliyense kulowa pakati pa galimoto kuti akakhote kumanja monga imachitira galimoto. Pali njira ina yochedwerapo koma yodalirika, imene anthu a njinga a ku Denmark amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ngakhale kuti iwo amaichita mbali inayo chifukwa amayenda kumanja. Nyali ikakhala yobiriwira, wongokani muli kumanzere mpaka mufike tsidya lina la mphambano, imani pakona pamalo osatsekereza anthu, tembenuzani njinga iyang'ane kumene mukufuna kupita, ndipo dikirani kuti nyali ya mbali imeneyo isinthe. Mwatero mwawoloka kawiri mowongoka, osadula mzere uliwonse wa galimoto zothamanga. Mudzataya mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo powerengera njira yanu muziika mphindi zimenezi m'kati kuti musadzakopeke kuchita chidule tsiku limene mwachedwa.

Raundabauti

Raundabauti ndi yabwino kwa galimoto chifukwa siiimitsa anthu popanda chifukwa ndipo siidalira magetsi. Lamulo lake ndi lakuti wolowa amapatsa mpata amene ali kale m'kati, amene kwa ife amachokera kumanja. Koma dalaivala wolowa akayang'ana kumanja, maso ake amafunafuna galimoto, ndipo njinga imene ikuyenda m'mphepete mwenimweni imakhala kunja kwa malo amene akuyang'ana. Potuluka pamakhalanso vuto lofanana, pakuti galimoto imene ikutuluka imadula njira ya wanjinga amene akupitiriza kuzungulira. Ndiye kuti wanjinga woyenda m'mphepete amakumana ndi ngozi pakhomo lililonse lolowera ndi lotulukira.

Ndinaphunzira zimenezi tsiku lina m'mawa pa Kabwe Roundabout. Ndinalowa ndili m'mphepete monga mwa chizolowezi changa, ndikufuna kupitirira khomo loyamba, ndipo minibasi imene inali kumanja kwanga inakhotera kutuluka mosachenjeza. Ndinagwira mabuleki onse awiri, tayala lakumbuyo linatsetsereka pamchenga umene umaunjikana m'mphepete, ndipo ndinagwera pamwala wa m'mbali, chigongono chitasupuka ndi chakudya changa chamasana chitamwazika m'phula. Bambo wina wachikulire amene ankakankha njinga yake yodzaza ndi masamba opita kumsika anandidzutsa, n'kunena kuti, "Mwana wanga, pano sitikwera, timatsika. Mukuona ine ndikukankha, mukuyesa ndatopa?" Ndinawathokoza, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndimaweruza raundabauti iliyonse ndisanailowe.

Kaweruzidwe kake ndi aka. Ngati raundabauti ndi yaing'ono, ya mzere umodzi, ndipo galimoto zimakakamizika kuchepetsa liwiro polowa, ikwereni, koma musakhale m'mphepete. Yang'anani kumbuyo musanafike, lowani pakati pa mzere kuti galimoto yakumbuyo isakupitirireni m'kati mwa raundabauti, zungulirani muli pakatipo, ndipo mukapitirira khomo lomaliza musanafike lanu, tambasulani dzanja lamanzere n'kutuluka. Poyamba zimaopsa kukhala pakati pa msewu galimoto ili kumbuyo, ndipo ena adzakuimbirani hutala, koma woimba hutala ndi amene wakuonani. Ngati raundabauti ndi yaikulu, ya mizere iwiri kapena kuposa, monga Kabwe Roundabout ndi Kafue Roundabout zimene zili kumapeto awiri a Cairo Road, ndipo mukufuna khomo lachiwiri kapena lachitatu, tsikani, kankhani njinga, muwoloke msewu umodzi umodzi pamalo owolokera anthu, mukuima pachilumba cha pakati pamene chilipo. Mwana wasukulu, munthu amene wangoyamba kumene kupalasa mumzinda, ndi aliyense wonyamula katundu wotchinga kuona kumbuyo, asakwere raundabauti zazikuluzi ngakhale pang'ono.

Pali nthawi imene raundabauti yaikulu imakhala yofatsa, ndiyo pamene galimoto zadzaza n'kumayenda ngati kamba. Koma imaopsa kwambiri m'mamawa, usiku ndi Lamlungu, pamene msewu uli poyera ndipo madalaivala amadula mowongoka osachepetsa liwiro. Ichi muchikumbukire poyesa njira yanu Lamlungu lija: zimene mwaona tsikulo sizifanana ndi za Lolemba.

Milatho ya m'mwamba

Ntchito yochepetsa kuthithikana kwa galimoto mumzinda, imene inagwiridwa ndi kampani ya Afcons ya ku India, inatibweretsera milatho inayi ya m'mwamba m'zaka za 2020 ndi 2021, ku Makeni, ku Arcades, ku Munali ndi ku Longacres. Milathoyi inachotsa pansi galimoto zambiri zongodutsa, ndipo zimenezi zinapepukitsa mphambano za pansi pake. Langizo langa ndi lakuti wanjinga azidutsa pansi nthawi zonse. Pamwamba pamafunika kukwera chitunda galimoto zikuthamanga pambali panu, ndipo khoma la m'mbali silikusiyirani kothawira.

Komabe malo oopsa kwambiri pa milatho imeneyi ali kumapeto kwake. Pamene msewu ukugawikana, wina kukwera wina kutsika, khalani kumanzere msanga kuti musapezeke pakati pa mizere iwiri. Pamene galimoto zotsika pamlatho zikukumana ndi za pansi, zimafika ndi liwiro lalikulu ndipo zina zimathamangira kumanzere kukaima kapena kukhota, makamaka maminibasi ofuna okwera. Munthu wochokera ku Chelstone kapena ku Kaunda Square wotsata Great East Road mpaka kutauni amadutsa pa Munali, pa Arcades, pa Manda Hill, kenako Kabwe Roundabout, ndipo ngakhale msewuwo ndi wowongoka ndi wosalala, mphambano zake zonse ndi zolemera. Ndiye chifukwa chake ine masiku ambiri ndimausiya msewuwu n'kulowa m'misewu ya m'kati, ngakhale kuti ulendo umatalikirapo.

Misewu ya m'kati ndi mphambano zopanda chowongolera

Misewu ya m'makomboni ndi m'mayadi ili ndi mphambano zambiri koma zazing'ono, ndipo mahampu amathandiza kuti galimoto ziziyenda pang'onopang'ono. Kumeneko chofunika ndi belu, mabuleki ogwira bwino ndi ulemu kwa ana, kwa amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu ndi kwa okankha mawilibala. Vuto la njira za m'kati limaonekera pamene zikufika pamsewu waukulu pamalo opanda maloboti, chifukwa pamenepo mukhoza kuima nthawi yaitali mukudikira mpata umene sukubwera, ndipo kutopa ndi kudikira kumachititsa munthu kudumphira mpata wosakwanira. Pokonza njira, onetsetsani kuti pamene mukudula msewu waukulu pali maloboti, kapena hampu, kapena chilumba cha pakati choti muimepo mutawoloka theka. Kuli bwino kuyenda mamita mazana angapo m'mbali mwa msewu kukafuna malo otero.

M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo, njirazi zimasintha. Mzinda wathu ndi wachidikha m'madera ambiri, madzi amaima m'mphambano, ndipo pansi pa madziwo pamabisala maenje ndi m'mphepete mwa ngalande zosavundikira. Anthu a ku Kanyama amadziwa bwino zimenezi. Mizere yopakidwa penti ndi zivundikiro zachitsulo zimaterera zikanyowa, mabuleki amachedwa kugwira, choncho yambani kuwagwira mudakali kutali, ndipo musakhote tayala lili pa penti.

Kuyerekeza njira ziwiri

Mukakhala ndi mndandanda wanu uja, yang'anani mphambano yoipitsitsa m'njira iliyonse, chifukwa imeneyo ndiyo imaweruza njira yonse. Funsani ngati mungaizungulire, ngati mungaiwoloke wapansi, kapena ngati mungaifike kuchokera mbali ina kuti kukhota kwanu kukhale kwa kumanzere. Njira yopita siyenera kukhala yomweyo yobwerera, pakuti pamene munakhotera kumanzere m'mawa mudzakhotera kumanja madzulo, ndipo dzuwa likamalowa limathobwa m'maso madalaivala opita kumadzulo monga limachitira m'mawa kwa opita kum'mawa. Ngati mumabwerera kutada, onjezani pamndandandawo ngati mphambanoyo ili ndi nyali za mumsewu, ndipo njinga yanu ikhale ndi nyali yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo, ndi zonyezimira m'matayala, chifukwa pamphambano galimoto zimakuonerani cham'mbali.

Kenako yesani njira ziwirizo ndi wotchi, masiku atatu iliyonse, pa nthawi yeniyeni imene mumapita kuntchito. Mapu a pa foni amathandiza kuona misewu ya m'kati imene simunaidziwe, koma sakuuzani za mchenga wa pakona, za malo amene maminibasi amaimira mwadzidzidzi, kapena za loboti imene inafa kalekale. Zimenezo mukazimva kwa okonza njinga a pansi pa mitengo ndi kwa onyamula katundu a ku Soweto Market, amene amadutsa m'misewuyi kangapo patsiku. Afunseni mwaulemu kumene amatsika ndi kumene amakwera, ndipo mudzapeza kuti ambiri ali ndi njira zawo zimene sizidutsa pa raundabauti yaikulu ngakhale imodzi.

Boma linatulutsa ndondomeko ya mayendedwe a anthu oyenda pansi ndi a njinga m'chaka cha 2019, ndipo ndondomekoyo imavomereza kuti misewu iyenera kumangidwa moganizira anthu amenewa. Choncho mukaona loboti yakufa, malo owolokera amene penti yake inafufutika, kapena kanjira ka njinga kamene kamathera mwadzidzidzi mphambano isanafike, muli ndi chifukwa chokwanira chokadziwitsa khansala wa dera lanu, khonsolo ya mzinda kapena a RTSA, bungwe loona za mayendedwe ndi chitetezo cha pamsewu. Ponena, tchulani dzina la misewu iwiri imene ikukumana pamenepo, mbali imene vutolo lili, ndi nthawi ya tsiku imene limakula, ndipo ngati muli angapo odutsa pamalowo, lembani kalata imodzi n'kusainira nonse.